Abusa akasamuka, mpingo usakwere nawo lole

Pali maliro ena omwe sitiikira masamba pamsewu, koma anthu amalira mpaka maso kutupa. Ndikunena za tsiku lija mlembi wa mpingo amaimirira pa nthawi ya zolengeza, kupukuta magalasi, kutsokomola kawiri, kenako n'kuwerenga kalata yoti abusa athu okondedwa akusamuka. M'tchalitchi mumangoti zii. Kumbali ya azimayi kumayamba kumveka kufwenthera. Kumbali ya azibambo ena amaweramitsa mitu ngati agwidwa ndi chisoni chachikulu, chikhalirecho akubisa mano, mumtima akuti Mulungu wayankha mapemphero.

Sabata ino ndati tisiye kaye za aphungu ndi za kukwera mitengo kwa zinthu, tikambeko za kunyumba ya Mulungu. Musaganize kuti ndathawa ndale ayi. Amene anakhalapo pa msonkhano wa akulu a mpingo pa nthawi yoti pampingo palibe mbusa akudziwa kuti poyerekeza ndi kampeni ya kumeneko, ya zipani ija ndi masanje.

Choyamba tigwirizane chinthu chimodzi, awerengi anzanga: mbusa aliyense adzachoka. Wina amachoka chifukwa sinodi kapena ambuye bishopu amutumiza kwina. Wina amaitanidwa ndi mpingo wina. Wina amapuma chifukwa cha ukalamba, wina amapita kusukulu, wina amachotsedwa chifukwa cha milandu, ndipo wina amatengedwa ndi Mwini wake. Njira ndi zambiri koma mathero ake ndi amodzi, tsiku lina nyumba ya abusa idzakhala pululu. Chondidabwitsa ine n'choti chinthu chodziwikiratu chonchi chimatipeza ngati mvula ya chizimalupsa, ufa uli pamphasa pabwalo, eni ake ali kumsika.

Mipingo yathu ili ndi njira zosiyana zosinthira abusa. Kwa Akatolika nkhani ndi yachidule: bambo mfumu amaikidwa ndi bishopu, ndipo bishopu yemweyo ndi amene amawasuntha. Ku CCAP, yomwe inabadwa mu 1924 pomwe Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana, Nkhoma n'kudzalowamo mu 1926, muli miyambo iwiri pansi pa denga limodzi. Ku Blantyre ndi ku Livingstonia sinodi ndi yomwe imatumiza abusa m'mipingo. Ku Nkhoma, potsata mwambo wa amishoni a Dutch Reformed omwe anayamba ntchito yawo pa Mvera mu 1889, mpingo umadziitanira wokha mbusa, iye n'kuvomera kapena kukana. Ndiye pali mipingo ina yambirimbiri yomwe yamera kuchokera nthawi ya matipati, momwe mbusa ndi yemwe anauyambitsa, ndipo iye yemweyo ndi sinodi, ndi bishopu, ndi msungichuma.

Njira iliyonse ili ndi minga yake. Komwe abusa amatumizidwa kuchokera kulikulu, akhristu amadandaula kuti sanafunsidwe, ndipo manong'onong'o sachedwa: ati abusa athu awasuntha chifukwa sanavotere uje pa chisankho cha kusinodi. Komwe mpingo umadziitanira, mipingo ya m'tauni yokhala ndi nyumba ya magetsi ndi galimoto sivutika kupeza mbusa, pomwe ya kumudzi kovuta kufikako imatha kulemba makalata mpaka inki kutha. Sindikunyoza atumiki a Mulungu, alipo ambiri omwe akalambira kumidzi mosadandaula, akupalasa njinga m'matope. Komabe ndimangoona kuti makutu a ena amamva bwino maitanidwe akachokera komwe kuli msewu wa tala.

Kalata ija ikangowerengedwa, chotsatira ndi komiti yotsanzikana. Apa ndiye pamaoneka luso la Amalawi. Milaga imapikisana, a kwaya akupeka nyimbo, amayi a Mvano kapena a Chigwirizano akusonkha za nsalu, azibambo akufunafuna mbuzi. Ine ndilibe nazo vuto zimenezi. Munthu amene wakubatizirani ana, kukumangirani maukwati ndi kukuikirani makolo m'manda sangapite ngati wakuba. Chomwe chimandiseketsa ndi oyankhula. Bambo yemwe wakhala zaka zisanu akulemba makalata opanda dzina opita kusinodi ndi yemwe amagwira maikolofoni motalika, mawu akunjenjemera, ati tatayidwa ngati ana amasiye. Mayi busa amangoyang'ana pansi chifukwa akudziwa zonse.

Koma pali china chosaseketsa. Nthawi zina msonkhamsonkha wa mphatso umasanduka msonkho. Amaika mtengo pa mutu uliwonse, ndipo mayi wamasiye yemwe akuvutika kupeza ndalama ya chigayo amawerengedwa dzina pagulu kuti sanapereke. Abale, mphatso yofinya munthu pakhosi dzina lake ndi lina. Mbusa woopa Mulungu akamva zoterezi ayenera kuimitsa yekha, asanyamule firiji yogulidwa ndi misozi ya nkhosa zake.

Likatha phwando limabwera lole, ndipo lole ndi lomwe limaulula zambiri. Pampingo wina womwe ndinkapempherako, dzina lake ndisunga, lole litanyamuka tinalowa m'nyumba ya abusa kuti tikasese. Tinapeza makoma okhaokha. Mipando ya sofa yapita, makatani apita, mbaula yapita, mpaka mababu. Panabuka mkangano woopsa pa nkhani ya njinga yamoto. Ena ankati tinagulira abusa ngati mphatso, ena ankati tinagulira ntchito ya mpingo. Atafunsa msungichuma, iye anati funsani mlembi. Mlembi anati funsani yemwe anali mlembi nthawi imeneyo, yemwe anali atagona kale kumanda. Panalibe pepala ngakhale limodzi. Anthu omwe ankadyera limodzi mgonero anatha miyezi osapatsana moni chifukwa cha njinga yoti inali itayamba kale kutulutsa utsi wakuda. Banja la abusa atsopano linagona pamphasa sabata yoyamba.

Kodi wolakwa anali ndani? Ine ndikuti tonse. Chikondi chikakhala pachimake timaona ngati kulemba zinthu ndi kukayikira munthu wa Mulungu. Chonsecho m'Baibulo lomwe timanyamula Lamulungu lililonse muli nkhani ya Samueli, yemwe potula udindo anaimirira pamaso pa anthu onse n'kuwapempha kuti amene anamulandapo ng'ombe, bulu kapena chiphuphu ayankhule pomwepo kuti abweze. Mneneri wamkulu chotero anadziitanira yekha owerengera chuma. Nanga ife tikuopa chiyani? Mpingo uliwonse ukhale ndi kaundula wa katundu: cha mpingo chilembedwe kuti ndi cha mpingo, mphatso ya abusa ilembedwe tsiku lomwelo kuti ndi mphatso. Mapepala a galimoto ndi a malo akhale m'dzina la mpingo. Abusa asanakwere lole, akhale pansi ndi akulu a mpingo, apereke makiyi, mabuku a ubatizo ndi a maukwati, mabuku a kubanki, ndipo onse asayine. Pepala limeneli limateteza abusa omwewo kuposa wina aliyense, chifukwa munthu akachoka sakhalapo kuti adziyankhire pomwe akumunena.

Ndisanamizire abusa okha. Ilipo mipingo yomwe imakhala ndi ngongole ya malipiro a abusa ya miyezi ingapo, ndipo ikamva za kusamuka imapuma mpweya wabwino poganiza kuti ngongole yakwera nawo lole. Amenewo ndi machimo ngati ena onse. Ndipo pali nkhanza ina yomwe sitikonda kuikamba. Mbusa akamwalira ali pantchito, mayi busa ndi ana amatsala m'nyumba yomwe si yawo. Anthu omwe ankawagwadira dzulo amayamba kufunsa kuti atuluka liti, misozi isanaume n'komwe. Inde nyumbayo ndi ya mpingo ndipo mbusa wina akufunika, koma mpingo womwe sungathe kukhala pansi ndi mayi wamasiyeyo, kumupatsa nthawi yokwanira, kumuthandiza mayendedwe ndi kuganizira za sukulu ya ana, usatiuze za chikondi pa guwa.

Tsopano tifike pa nthawi yoopsa kwenikweni, pomwe wakale wapita koma watsopano sanafike. Akuluakulu anati pachoka mnzako pali malo. Mlembi wa mpingo yemwe anali wofatsa ngati nkhosa amayamba kuyenda ndi makiyi m'manja, akuwaliza kuti aliyense amve. Mkulu wa mpingo yemwe abusa ankamukaniza guwa chifukwa chotalikitsa ulaliki amadziika pa ndandanda masabata atatu otsatizana. Kwaya yomwe inaletsedwa kiyibodi imabwera nayo ndi masipika awiri. Milandu yomwe inaweruzidwa kalekale imafukulidwa. Chopereka chimatsika, ati tione kaye komwe zinthu zikulowera, ngati kuti chakhumi chija ankapereka kwa abusa. Mbusa wa mpingo woyandikana nawo yemwe wapatsidwa udindo woyang'anira amangofika pa mgonero, pa ubatizo ndi pa ukwati, chifukwa nayenso ali ndi nkhosa zake.

Njovu zikamalimbana chonchi wovutika ndi udzu. Gogo uja wakhala chigonere chaka chonse, yemwe abusa ankamuyendera mwezi ndi mwezi, palibe amamukumbukira. Ana a kalasi amangobalalika. Banja lomwe linali pa uphungu, litangotsala pang'ono kugwirizana, limatha. Palibe amawerenga anthu amenewa pa zolengeza, koma ndi omwe amalipira mtengo wa mikangano yathu. Ena amangosiya kubwera mwakachetechete, ndipo timadzazindikira tikawaona atavala yunifomu ya mpingo wina pamaliro.

Komatu nthawi yomweyi ndi yomwe imaonetsa ngati panali mpingo kapena panali gulu la otsatira munthu. Mbiri ya dziko lathu lino ili ndi phunziro. John Chilembwe anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu mu 1900. Ataphedwa mu Febuluwale 1915, boma la atsamunda linagwetsa tchalitchi chake ndi kutseka mishoniyo. Kunalibe phwando lotsanzikana, kunalibe kupatsana makiyi. Nkhosa zinakhala zaka 11 zopanda mbusa, mpaka mu 1926 pomwe Dr. Daniel Malikebu, yemwe anaphunzira pamishoni pomwepo ali mnyamata asanapite ku America, analoledwa kudzatsegulanso. Akanapeza kuti chikhulupiriro chinakwiriridwa limodzi ndi Chilembwe, bwenzi lero PIM tikungoiwerenga m'mabuku a sukulu. Anapeza anthu, ndipo pa anthu amenewo anamangapo. Koma onaninso mbali inayi: a Malikebu atatsogolera zaka 45, kusintha kwa mu 1971 pomwe mpando unapita kwa a Leonard Muocha sikunayende mosalala, ndipo ena anapatuka. Mpingo womwe unapirira mfuti za atsamunda unadzavutika ndi nkhani ya kulowana m'malo.

Chitsanzo china ndi cha ambuye Patrick Kalilombe, omwe anakhala bishopu wa Lilongwe mu 1972. Iwowa analimbikira kwambiri nkhani ya miphakati, kuti akhristu a m'dera limodzi azikumana okha, kupemphera, kuyendera odwala ndi kuyendetsa zinthu zawo osadikira wansembe. Boma la nthawi imeneyo linaona ngati akudzala chipani china m'midzi, ndipo mu 1976 anakakamizika kuchoka m'dziko muno. Bishopu anapita, koma miphakati inatsala, ndipo mpaka lero ndi msana wa mpingo wa Katolika. Chimodzimodzi mu 1992, itawerengedwa kalata ya mabishopu ija pa 8 Malichi, boma linathamangitsa Monsignor John Roche yemwe ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu. Munthu anamukweza ulendo, koma mawu anali atalowa kale m'makutu a anthu, ndipo chaka chotsatira tinavota pa referendamu. Mtsogoleri amene wagawira anthu ntchito ndi nzeru sachoka yense. Amene amagwira zonse yekha, kuyambira guwa mpaka kiyi wa kuchimbudzi, akachoka amasiya bwinja.

Ndiye tsiku limafika, abusa atsopano alowa. Kulandira timatha, nyimbo, nthungululu, mpunga ndi nkhuku. Mavuto amayamba Lamulungu lachiwiri. Ati mawu awo ndi ochepa, sakumveka kumbuyo. Ati amalalikira moyang'ana pepala. Ati abusa athu akale pamaliro ankafika m'mawa, awa afika mtembo utatuluka kale m'nyumba. Abusa akale aja, omwe tinkawanena kuti ndi aukali ndiponso okonda ndalama, mwadzidzidzi asanduka mngelo. Munthu amayesedwa ndi muyezo wa mnzake yemwe anakhala nafe zaka khumi, iye asanadziwe n'komwe njira ya kuchigayo.

Mayi busa ndiye amaonekeratu. Kavalidwe kawo, kaphikidwe kawo, kaseweredwe ka ana awo, zonse zimakambidwa pachitsime. Ngati ali pantchito yawo ya uphunzitsi kapena unamwino, ati ndi onyada, sapezeka pa zochitika za amayi. Ngati ali pakhomo, ati akudya za mpingo. Timaiwala kuti kalata ya maitanidwe inali ndi dzina limodzi, ndipo malipiro ndi a munthu m'modzi. Masiku ano m'mipingo ina abusa ake ndi amayi, ndipo kumeneko mavuto amawirikiza, chifukwa alipo akulu a mpingo ena omwe mpaka lero khosi limawawawa kugwadira dalitso lochokera kwa munthu wamkazi.

Koma funso lomwe limandinyansa kuposa onse ndi lija limafunsidwa dzina likangomveka: kodi ndi wakuti ameneyu? Sitifunsa ngati amadziwa Mawu, ngati amayendera odwala, ngati manja ake ndi oyera pa ndalama. Timafuna kudziwa boma lomwe akuchokera ndi chiyankhulo cha amayi ake. Matenda omwe atipweteka pa chisankho chilichonse kuyambira 1994, ovota poyang'ana chigawo, tawalowetsa mpaka m'nyumba yopatulika. Tikatero tisadabwe ana athu akamaona tchalitchi ngati bungwe la anthu a kumudzi kumodzi.

Kwa inu abusa atsopano, ndili ndi mawu awiri. Oyamba: chenjerani ndi anthu omwe amafika msanga kunyumba kwanu madzulo, nkhuku ili kukhwapa, ati tabwera kudzakudziwitsani za mpingo uno. Nkhukuyo landirani, koma mndandanda wa mayina a anthu oipa omwe abwera nawo muusiye pakhomo. Kawirikawiri amene amathamangira kukuuzani adani anu ndi yemwe anatopetsa mnzanu uja. Achiwiri: musafike ndi nkhwangwa. N'zoona kuti mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo komweko kakagwiridwa mothamanga kamatema khutu. Kusintha nthawi ya mapemphero, kuthetsa makomiti, kusuntha mipando ya agogo omwe akhala pamalo amodzi kuyambira nthawi ya Welensky, zonsezi mwezi woyamba, ndi kuputa mavu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yendani kaye m'milaga, lirani nawo maliro awo, dziwani mayina a ana awo. Munthu amene wakuonani mutakhala pamphasa pa siwa ya amayi ake adzakumverani mukadzati tisinthe zakuti.

Ndipo chonde, mukapeza mnzanu anasiya tchalitchi chili pa windo, malizani chimenecho. Tatopa ndi kuona maziko awiri pabwalo limodzi, ena a abusa akale omera udzu, ena a abusa atsopano akudya simenti. Khalidwe limeneli tasiyirani andale, omwe boma likasintha amasiya chitukuko cha anzawo kuti chiole poopa kuti dzina lingapite kwa wina. Njerwa zija anaumba ndi akhristu omwewo, ndipo misana yomwe inapweteka ndi yawo.

Kwa inu abusa ochoka, mawu anga ndi ovutirapo. Mukapita, pitani. Kale mtunda unkathandiza, munthu akasamukira ku Nsanje kuchokera ku Mulanje zinkathera pa kalata ya pa Khirisimasi. Lero kuli foni ndi WhatsApp, ndipo abusa ena amayendetsa mpingo wakale ali pa mtunda wa makilomita 300. Msonkhano wa akulu a mpingo ukangotha, malipoti afika kale. Ukwati wa mwana wa mkulu wa mpingo wolemera, abwera kudzamanga okha. Maliro a munthu wodziwika, ali kutsogolo, mwini mpingo atakhala pambali ngati mlendo. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Ubwenzi sitikuletsa, anthu munakhala nawo ndipo mumawakonda. Koma akakuitanani ku mwambo, auzeni kuti adzere kwa abusa awo, ndipo akayamba kukuuzani zofooka za mnzanuyo, dulani nkhaniyo. Ulaliki wanu wotsanzika usakhalenso bwalo la milandu lobwezera onse omwe anakulakwirani. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza patsogolo.

Matenda okonda mbusa kuposa Mwini nkhosa si atsopano. Ku Korinto akhristu anagawikana, ena kumbali ya Paulo, ena kumbali ya Apolo, mpaka Paulo anachita kuwalembera kalata yowakumbutsa kuti iye ndi mnzakeyo anali antchito chabe m'munda wa wina. Paulo yemweyo potsanzikana ndi akulu a mpingo wa ku Efeso, komwe anakhala zaka zitatu, anawaitanira ku Mileto, kuwauza poyera kuti sadzaonananso, n'kuwasiyira nkhosa m'manja mwawo. Analira, anamuperekeza mpaka ku chombo, kenako anabwerera kukagwira ntchito. Sitimva kuti anakakhoma tchalitchi ndi loko kapena kuti anatsekera wina aliyense panja.

Ndanena za loko chifukwa takhala tikumva ndi kuwerenga za mipingo komwe akhristu amatseka zitseko kukana kuti abusa awo asamuke, kapena kukana omwe atumizidwa, mpaka apolisi kubwera kudzalondera mapemphero. N'zomvetsa manyazi, tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo. Komabe akuluakulu a kumalikulu a mipingo nawonso adzifunse. Anthu akakhala kuti sakuuzidwa chilichonse, mphekesera ndi yomwe imalalikira. Tumizani nthumwi zidzakhale pansi ndi mpingo, zifotokoze zomwe zingafotokozedwe. Ganiziraninso nthawi: kusamutsa banja pakati pa teremu, mwana ali pafupi kulemba mayeso, kapena chimanga chili m'munda chisanakhwime, ndi kulanga anthu osalakwa. Ndipo chachikulu, lekani kusamutsa mavuto. Mbusa akadya ndalama za mpingo kapena akaononga mwana wa sukulu, mankhwala ake si kumutumiza kumpingo wa kutali komwe sakumudziwa. Kumeneko kulinso ndalama, kulinso ana a anthu. Mlandu wa kupolisi upite kupolisi. Tambala wodya mazira sasiya chifukwa mwamusinthira khola.

Nditsirize ndi anzathu a mipingo yoyambitsidwa ndi munthu m'modzi, chifukwa kumeneko ndi komwe ndikuona mitambo yakuda. Dziko lino linakhalapo ndi pulezidenti wamuyaya kuyambira 1971, ndipo pa 14 Juni 1993 tinanena poyera kuti zimenezo zatikwana. Mu 2002 aphungu anakananso zochotsa malire a materemu a pulezidenti. Koma anthu omwewo omwe anakana wamuyaya ku Sanjika, Lamulungu amakaombera m'manja wamuyaya wa paguwa. Malo a tchalitchi ali m'dzina lake, akaunti ya kubanki amasayina ndi akazi ake, ndipo kufunsa kuti kodi mukadzachoka adzalowe ndani kumatengedwa ngati kumulodza. Tsiku lomwe Mulungu adzamuitane, mayi, mwana woyamba ndi wachiwiri kwa abusa aliyense amatulukira ndi masomphenya ake, ndipo nkhani imakathera kukhoti, komwe woweruza amafunsa malamulo olembedwa omwe kulibe.

Kumbukirani zomwe zinachitika mu Epulo 2012. Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5, dziko linakhala masiku awiri lili m'malere, ena akuyesa kuzembetsa mpando. Chomwe chinatipulumutsa ndi choti malamulo a dziko anali atanena kale, zinthu zili bwinobwino, kuti wachiwiri ndi amene amalowa, ndipo pa 7 mayi Joyce Banda analumbira. Lamulo lolowana m'malo limalembedwa mwini mpando ali moyo ndiponso akuseka. Mose anasanjika manja pa Yoswa pamaso pa khamu lonse iye akadali ndi mphamvu. Kwa Akatolika bishopu akakwanitsa zaka 75 amayenera kulemba kalata yopempha kupuma, ndipo mu 2013 Papa Benedict XVI anatula yekha pansi udindo ataona kuti mphamvu zatha. Dr. Robert Laws anafika kuno mu 1875 n'kuchoka mu 1927, zaka 52, koma Livingstonia sinakwere naye sitima. Nanga inu a apostolo a kuseri kwa msika, muli ndi chiyani choposa onsewa choti simungakonzekere tsiku lanu?

Ife akhristu wamba tili ndi mbali yathu. Abusa akachoka, belu lilire nthawi yake yomweyo. Wosesa asese, wophunzitsa Sande sukulu aphunzitse, woyendera odwala ayendere, wopereka apereke. Amene muli ndi chisoni lirani, palibe cholakwa, koma musasandutse misozi kukhala chipani. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, choncho akulu a mpingo akhale oyamba kuthira madzi pomwe ena akukoleza. Ndipo abusa atsopano apatseni mpata woti alakwitse kangapo, monga momwe munawapatsira akale aja, omwe mwaiwala kuti nawonso chaka chawo choyamba munkawanena.

Mukafuna kudziwa ngati mbusa anagwira ntchito, musawerenge mbuzi zomwe walandira potsanzika kapena anthu omwe akomoka polira. Pitani Lamulungu lachitatu lole litachoka. Mukapeza tchalitchi chadzaza, nyimbo zikuyimbidwa, gogo wodwala uja wayenderedwa ndipo mabuku a chuma ali poyera, dziwani kuti panadutsa mtumiki weniweni.

Kwa lero ndalekeza pomwepa. Amene zakukhudzani musandikwiyire, kakambiraneni pa msonkhano wa akulu a mpingo. Tikumanenso sabata ya mawa, Mulungu akalola.